Giza Imene Inkawotcha Maelementi: Lipoti la Ntchito Yochotsa Matope ndi Laimu pa Nyumba Ina ku Chigumula

Lipoti ili likukhudza giza (thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi) ya malita 150 ya pa nyumba ina ku Chigumula mumzinda wa Blantyre, imene inawotcha maelementi (zitsulo zotenthetsa madzi m'kati mwake) awiri motsatizana, ndipo pamene tinkaitanidwa n'kuti yachitatu itayamba kugwetsa magetsi a nyumba yonse. Ndalemba nkhaniyi makamaka kwa apulambala ndi amisiri a zamagetsi anzanga, chifukwa ntchito za mtundu uwu timakumana nazo kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri zimathera pa kusintha elementi popanda wina kufunsa chimene chaipha.

Pa nyumbayi pamakhala banja la anthu asanu ndi mmodzi. Giza yake ndi yogona, ili m'siling'i pamwamba pa bafa, ili ndi elementi ya 3 kW, ndipo inali itagwira ntchito zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu osakhuthulidwapo madzi kuti itsukidwe. Madzi a mumzinda akafika pa mpanda amalowa kaye mu thanki ya pulasitiki ya malita 5,000, kenako pampu imawakankhira m'nyumba. Kuseri kuli chitsime chokumba ndi makina, chimene eni ake anatiuza poyamba kuti ndi chothirira dimba ndi kapinga basi.

Chizindikiro choyamba, malinga ndi mayi mwini nyumba, chinali phokoso. Giza ikayaka m'bandakucha, m'siling'i munkamveka kuthetheka ngati chimanga chikukazingidwa pa chiwaya, ndipo banjalo linazolowera phokosolo mpaka kuliona ngati khalidwe la giza iliyonse yakale. Phokoso limeneli limabwera pamene madzi otsekeredwa pansi pa matope, pafupi ndi elementi, awira n'kusanduka nthunzi. Thovu la nthunzilo likaboola matope n'kukumana ndi madzi ozizirirapo limaphwa mwadzidzidzi, ndipo kuphwako ndiko kumamveka. Patapita miyezi madzi otentha anayamba kutha msanga, moti wosamba wachitatu ankapeza ofunda chabe. Mmisiri amene anaitanidwa nthawi imeneyo anakweza thermostat, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, kufika pa madigiri 75 kuti madzi ochepa omwe alipowo azisakanizidwa ndi ozizira ambiri. Zinaoneka ngati zathandiza, koma sipanapite nthawi elementi inapsa. Anaika ina, nayonso inapsa, n'kuikanso ina. Pa maulendo onsewa madzi ankangotsitsidwa pang'ono pokha kuti elementi ituluke, ndipo zimene zinali pansi pa giza zinkasiyidwa momwemo. Ife tinaitanidwa m'nyengo yozizira ya chiperoni, pamene earth leakage, switchi yozimitsa magetsi a nyumba moto ukamathawira kunja kwa mawaya, inayamba kugwa m'mawa uliwonse ana akukonzekera kupita kusukulu, komanso mayunitsi a magetsi akutha mofulumira kuposa kale.

Titazimitsa switchi ya giza pa bokosi la magetsi ndi ya m'siling'i, n'kutsimikiza ndi mita kuti pa mawaya palibe moto, tinayamba ndi elementi. Pa magetsi athu a 230 V, elementi ya 3 kW imayenera kuonetsa pafupifupi 17.6 ohms, ndipo iyi inaonetsa pafupi ndi pamenepo. Munthu woyeza ndi multimeter yokha akanati elementi ili bwino n'kuyamba kufufuza vuto m'mawaya a nyumba. Koma titayeza ndi insulation tester, mita yoona ngati moto ukuthawa, pakati pa waya wa m'kati ndi chikopa cha elementi, zotsatira zinali pansi kwambiri pa 1 megohm, kusonyeza kuti chikopacho chinali chitang'aluka ndipo madzi ankalowa. Earth leakage inkagwira ntchito yake moyenera, ndipo ndinawauza mayiwo mosabisa kuti kuidzutsa m'mawa uliwonse n'kupitiriza kusamba kunali kuika moyo wa ana pachiswe.

Nkhani ya mayunitsi inafuna kufufuza kwina. Banjalo linkakhulupirira kuti matope ndiwo akudya magetsi, ndipo amisiri ambiri timawauza makasitomala zomwezo. Pa giza ya magetsi zimenezi si zoona kwenikweni, chifukwa elementi ili m'kati mwa madzi, ndipo kutentha kwake, ngakhale kuchedwe kudutsa m'matope, kumathera m'madzi momwemo. Chimene matope amachita ndi kupsereza elementi, osati kumeza mayunitsi ambiri. Choncho ndinazungulira nyumba kukaona mapaipi otaya madzi. Pansi pa paipi yochokera ku safety valve, valavu yotaya madzi giza ikatentha kapena kupanikizika mopitirira muyeso, khoma linali litamera ndere, nthaka ili chinyontho ngakhale kunali kopanda mvula yeniyeni, ndipo madontho amene ankatuluka anali otentha. Apa mpofunika kusiyanitsa: valavu yochepetsa mphamvu ya madzi, ya ku mbali ya madzi ozizira, imadontha pang'ono giza ikamatenthetsa chifukwa madzi akatentha amafufuma, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Koma safety valve siyenera kudontha nthawi zonse. Tinatchera botolo la malita 2 ndipo linadzaza mu ola limodzi. Amenewo ndi malita 48 pa tsiku. Kutenthetsa malita 48 ndi madigiri 40 kumadya mayunitsi opitirira pang'ono 2, kutanthauza mayunitsi oposa 60 pa mwezi, ndipo pa madigiri 75 amene thermostat inali chiwerengerocho chinali chokwererapo. Mayunitsi a banjalo ankathera m'nthaka ya kuseri kwa bafa.

Popeza madzi a m'giza anali akadali otentha, sitinakhuthule nthawi yomweyo. Tinasiya magetsi a giza ali ozimitsa, switchi titaimata tepi ndi kulembapo chenjezo, ndipo tinapempha kuti madzi otenthawo achapire ndi kutsukira mbale mpaka azizire. Madzi a madigiri 75 amasupula khungu m'kanthawi kochepa zedi, ndipo amafewetsa paipi yothirira maluwa imene timakhuthulira, moti ikhoza kuvuka m'siling'i.

M'mawa mwake tinatseka madzi olowa, tinamangirira paipi ku drain cock, kampopi kokhuthulira madzi a m'giza, n'kuitulutsira panja kudzera pa windo la bafa, ndipo tinatsegula mpopi wa madzi otentha kuti mpweya uzilowa. Madzi anatuluka osakwana theka la ndowa n'kusiya. Pamenepa ndi pamene ntchito yonse ikanatha kuonongeka. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaganiza kuti giza yatha madzi chifukwa banjalo linali litawagwiritsa ntchito dzulo lake, ndipo anali atagwira kale sipanala kuti amasule flange, chivundikiro chachitsulo chimene elementi imamangidwapo. Koma giza yolumikizidwa ku mpopi siitha madzi pogwiritsidwa ntchito, popeza otentha akamatuluka ozizira amalowa m'malo mwake. Tikanamasula flange, malita pafupifupi 150 akanakhuthukira pa siling'i ya bafa ndi ya chipinda chogona, ndipo thireyi ya pansi pa giza, yolandira madzi odontha, sikanatha kulandira madzi ochuluka choncho nthawi imodzi. Tinagogoda m'mbali mwa giza ndipo inkamveka yodzaza. Tinamasula vacuum breaker, valavu yolowetsa mpweya m'mapaipi a giza, kuti titsimikize kuti si mpweya umene ukugwira madzi, koma sipanasinthe kanthu. Zinali zoonekeratu kuti matope atseka pakamwa pa drain cock.

Sindikonda kutokosa drain cock ndi waya pamene giza ili yodzaza, chifukwa ikatseguka mwadzidzidzi paipi imakhala itachotsedwa ndipo madzi amakupeza uli chogwada pa mitengo ya denga. Tinalumikiza mapeto a paipi yathu ku mpopi wa panja n'kukankhira madzi chobwerera m'giza kwa masekondi ochepa, kenako n'kuichotsa pa mpopi kuti madzi atsike. Poyamba panatuluka madzi ofiira okhuthala, kenako timiyala toyera, kenako inatsekanso. Tinabwereza mpaka madzi anayamba kuyenda osadukiza. Giza itaphwa tinatsegula madzi olowa mwa kanthawi n'kutseka, mobwerezabwereza, kuti avundule za pansi, koma mtundu wa madzi otuluka sunkasintha, ndipo ndinaona kuti kutsuka kwa pa drain cock kokha sikukwanira pa giza imeneyi.

Titachotsa flange tinapeza elementi ndi kachubu kamene thermostat imalowamo zitakwiririka pafupifupi zonse. Pa elementi panali chikhakha choyera cholimba, ndipo pamene inapindikira panali mng'alu wautali ngati chikhadabo, m'mbali mwake muli mwakuda chifukwa cha kupsa. Apa m'pamene panapezeka yankho la madzi otentha otha msanga. Matope amene tinatulutsa anangodutsa theka la ndowa ya malita 20, ndipo malo amenewo okha sangachititse kuti giza ya malita 150 izilephera kusambitsa anthu atatu. Chimene chinkachitika n'chakuti thermostat inkamva kutentha kwa matope ozungulira elementi, amene ankatentha msanga, n'kuzimitsa magetsi madzi ambiri a m'giza asanatenthe. Kukweza thermostat kunangowonjezera vuto, chifukwa laimu, mchere woyera wosungunuka m'madzi, amachoka m'madzimo n'kumata pa chitsulo mofulumira kwambiri madzi akapitirira madigiri 60. Elementi yatsopano iliyonse inkalowa m'matope omwewo, kutentha kwake n'kusowa kothawira, mpaka chikopa chake kung'aluka.

Tinakokolola matopewo ndi manja ndi chidutswa cha chigubu cha pulasitiki, osati chitsulo, chifukwa m'kati mwa giza zamtunduwu munakutidwa ndi enamel, utoto wolimba ngati galasi, ndipo ukakanda umatsegulira dzimbiri njira. Bambo a m'nyumbamo anafunsa ngati sitingathiremo asidi wa m'mahadiweya kuti ntchito ifulumire. Ndinakana. Asidi wotere sasankha laimu yekha, amadyanso chitsulo paliponse pamene enamel yatheka, amaononga malabala, ndipo wotsalira m'mapaipi amakathera pa thupi la wosamba.

Gawo limene ndikuona kuti linali lofunika koposa pa ntchito yonse linachitikira panja. Tinakhuthulira matopewo pa lata lakale n'kuwayanika pa dzuwa, ndipo atauma anaoneka kuti sanali a mtundu umodzi. Panali dothi lofiira losalala, panali tizibenthu toyera tophwanyika ndi zala, panalinso tizidutswa takuda tochepa. Titathira viniga wa kukhitchini pa toyerato tinachita thovu, kusonyeza kuti ndi laimu, calcium carbonate. Dothi lofiira silinachite kanthu. Takudato tinamata ku maginito, ndipo tinapeza kuti tinkachokera ku kachigawo ka paipi yakale ya galvanised pakati pa pampu ndi nyumba. Mitundu itatu imeneyi inatanthauza magwero atatu, ndipo kutsuka giza osatseka magwerowo kukanangogulira banjalo miyezi yochepa.

Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ena ku damu la Mudi, ndipo amayeretsedwa asanatumizidwe kwa anthu. Laimu wochuluka chonchi sindinkamuyembekezera pa nyumba yomwa madzi a mtsinje okha. Ndinapempha kuona ketulo ya kukhitchini, ndipo pansi pake panali poyera ndi laimu yemweyo. Titatsatira paipi ya chitsime tinapeza kuti ili ndi nthambi yokwera mu thanki. Wantchito wa kudimba anafotokoza mwaulemu kuti m'miyezi yotentha, kuyambira September mpaka mvula itagwa, ankatsegula nthambiyo pafupifupi tsiku lililonse kuti thanki isaphwe, ndipo anauzidwa kutero kalekale ndi eni nyumba, amene anali ataiwala. Madzi a pansi pa nthaka amasungunula mchere wa m'miyala imene amadutsamo, ndipo amaoneka oyera bwinobwino m'kapu mpaka atatenthetsedwa. Dothi lofiira linali mu thanki momwemo. Chivundikiro chake chinali chong'ambika, fumbi la m'chilimwe linkalowa, chitsime nachonso chinkabweretsa mchenga wosalala, ndipo matope a pansi pa thanki anali atakwera mpaka pakamwa pa paipi yopita ku pampu. Pampu ikayaka inkayamwa matopewo n'kuwatumiza m'nyumba, ndipo giza, pokhala malo amene madzi amaima nthawi yaitali, ndiyo inkawasunga. Kamchenga komweko ndi kamene kanakhala pamalo otsekera a safety valve n'kuilepheretsa kutseka.

Funso lotsatira linali lakuti giza ikonzedwe kapena igulidwe ina. Anode, ndodo ya magnesium imene imadyeka m'malo mwa chitsulo cha giza, inali itatheratu, kutsala kawaya ka pakati kokha, ndipo sitikanadziwa kuti giza yakhala nthawi yaitali bwanji yopanda chitetezo chimenechi. Tinalowetsa foni yoyatsa tochi pa bowo la flange n'kujambula m'kati monse. Enamel inali yabwino m'malo ambiri, kupatula timadontho tingapo ta dzimbiri pafupi ndi msoko wa kumapeto. Kunja kunalibe chinyontho, thireyi inali youma. Ndinawaonetsa mayi ndi bambo zithunzizo n'kuwauza kuti: "Mayi, giza iyi ikhoza kukutumikiranibe, koma sindingakulonjezeni zaka. Timadontho iti sitibwerera m'mbuyo, anode yatsopano ingotichedwetsa." Iwo anasankha kukonza, poona kuti mtengo wa zipangizo unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi giza yatsopano, ndipo ine ndinagwirizana nawo chifukwa thireyi ndi paipi yake yotaya madzi zinali bwino, moti giza itayamba kudontha siling'i singaonongeke asanazindikire. Pakanapanda thireyi ndikanawalangiza zogula ina.

Tinaika elementi yatsopano, gasketi yatsopano, anode yatsopano ndi thermostat yatsopano, popeza yakaleyo inali itapsa pa malo olumikizira. Pogula anode ndi bwino kunyamula mutu wa yakale kupita nawo ku sitolo, chifukwa mazinga ake amasiyana malinga ndi mtundu wa giza. Safety valve sitinaitsuke, tinaisintha ndi ina ya mphamvu yofanana ndi yolembedwa pa giza, 400 kPa. Mlonda wa pa nyumbayo, pofuna kuthandiza, ananena kuti kumene ankagwira ntchito kale anangotseka paipi yodonthayo ndi pulagi ndipo kudontha kunatha. Ndikudziwa kuti zimenezi zimachitikadi m'nyumba zina, ndipo ndikupempha amisiri anzanga kuti tikazipeza tisazisiye. Thermostat ikakanirira pa giza yotsekedwa chonchi, madzi amapitirira madigiri 100 osawira chifukwa cha kupanikizika, ndipo chitsulo chikangong'ambika amasanduka nthunzi nthawi imodzi. Lita imodzi ya madzi imapanga malita pafupifupi 1,700 a nthunzi, mphamvu yokwanira kusasula denga.

Podzaza tinasiya mpopi wa madzi otentha uli chitsegulire mpaka unasiya kulavula mpweya n'kuyamba kutulutsa madzi mosadukiza, tinayendera malo onse olumikizira ndi pepala louma, ndipo pamenepo m'pamene tinayatsa magetsi. Elementi ikayatsidwa isanamire imapsa m'mphindi zochepa. Clamp meter, mita yoyeza moto wodutsa m'waya, inaonetsa 13 A, monga zimayenera kukhalira pa 3 kW. Thermostat tinaiika pa madigiri 60. Bambo anafunsa ngati kuitsitsa kufika pa 45 sikungapulumutse magetsi ndi kuchepetsa laimu, ndipo ndinawafotokozera kuti tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi a pakati pa madigiri 20 ndi 45, makamaka m'matope a pansi pa mathanki, pamene pa madigiri 60 timafa. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndiye kuti maola awiri ndi mphindi 20 pa elementi imeneyi. Thermostat inazimitsa patadutsa pang'ono nthawi imeneyo, m'siling'i muli zii, ndipo paipi ya safety valve inali youma.

Kunja tinakhuthula thanki n'kuitsuka, tinaika chivundikiro china, tinasintha kachigawo ka paipi ya galvanised ndi ya pulasitiki, ndipo tinaika sefa ya katiriji pambuyo pa pampu madzi asanalowe m'nyumba. Pa nkhani ya chitsime sitinagwirizane msanga. Ine ndinkafuna kuti nthambi yopita mu thanki idulidwe, chifukwa sefa imagwira dothi ndi mchenga koma siigwira laimu wosungunuka m'madzi, ndipo makina ofewetsa madzi ndi okwera mtengo komanso amafuna mchere nthawi zonse. Mayi anakana, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka: nyumba ya ana singakhale yopanda madzi m'mwezi wa October pofuna kuteteza elementi. Tinamvana kuti nthambiyo ikhalepo koma pa valavu yake paikidwe loko, izitsegulidwa pokhapokha thanki ikatsala pang'ono kuphwa, ndipo giza izitsukidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse m'malo mwa kamodzi pa chaka monga ndimalangizira nyumba zomwa madzi a mumzinda okha.

Mwezi wotsatira mayi anandiuza pa foni kuti mayunitsi abwerera mwakale ndipo anthu onse akusamba madzi otentha. Vuto linabweranso kuchokera kumene sitinkayang'ana. Chakumapeto kwa chilimwe, chitsime chitagwiritsidwa ntchito kwa milungu ingapo, madzi a mu shawa anayamba kufooka chifukwa katiriji ya sefa inali itadzaza. Wantchito wa kudimba, poona kuti abwana akudandaula ndipo katiriji ina palibe, anachotsa yodzazayo n'kubwezera chibotolo chake chopanda kanthu. Madzi anayambanso kuthamanga, ndipo aliyense anakhutira. Tinazindikira zimenezi pa kutsuka koyamba kwa miyezi isanu ndi umodzi, pamene m'ndowa yoyamba munaonekanso dothi lofiira limene silinkayenera kupezeka. Linali lochepa, ndipo drain cock sinatseke, koma likanapitirira mpaka chaka tikanabwerera pamene tinayambira. Kuyambira pamenepo pa nyumbapo pamakhala makatiriji awiri osungira, ndipo wantchitoyo, amene ndiye amagwira mavalavu tsiku ndi tsiku, tinamuonetsa kasinthidwe kake ndi chifukwa chake pamaso pa eni nyumba. Malangizo athu oyamba tinali titapereka kwa mayi ndi bambo okha, pamene manja ogwira zinthuzo anali a munthu wina.

Pa kutsuka kwachiwiri, chaka chitakwana, munatuluka laimu wosakwana makapu awiri ndipo dothi munalibe. Ntchito yonse inachitika pa drain cock popanda kuchotsa flange kuti tikokolole, ngakhale tinaitsegulabe pofuna kuona m'kati. Elementi inali ndi kachikhakha kopyapyala kochoka ndi burashi ya pulasitiki, ndipo insulation tester inaonetsa kuti ili bwino. Anode inali itayamba kudyeka mofanana m'litali mwake monse, umboni wakuti ikugwira ntchito. Timadontho ta dzimbiri ta pa msoko tinatijambulanso n'kufananiza ndi zithunzi zoyamba: tiwiri sitinasinthe, koma kamodzi kanakula pang'ono. Eni nyumba adziwitsidwa kuti ayambe kusunga ndalama ya giza ina, ndipo wantchito wauzidwa kuti akaona madzi akutuluka pa paipi ya thireyi azimitse switchi ya giza, atseke madzi olowa, n'kutiimbira foni tsiku lomwelo. Tidzakaonanso msokowo mvula ikatha.